Musatinamize kuti France yokha ndi imene inkazunza anthu pa milandu

Zikundiwawa kuona anthu akufalitsa pa intaneti kuti kalelo ku France ankazunza munthu kuti avomere mlandu, pamene ku England kunali chilungamo chokhachokha chifukwa cha jury, gulu la anthu wamba 12 ogamula mlandu. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo amalikhulupirira ambiri chifukwa malamulo athu tinatengera kwa Angerezi omwewo.

Chisanafike chaka cha 1215, mayiko onse awiri mlandu wosowa mboni ankausiyira Mulungu, monga makolo athu ankachitira ndi mwavi. Woganiziridwa ankanyamula chitsulo chamoto, dzanja n'kulikulunga nsalu masiku atatu, ndipo bala likapezeka likutukusira, basi walakwa. Ena ankawamanga chingwe n'kuwaponya m'madzi odalitsidwa: womira ndiye wosalakwa, woyandama madzi amukana. M'chaka chimenecho msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Lateran, ku Rome, unaletsa ansembe kudalitsa zimenezi, ndipo dziko lililonse linayenera kupeza njira ina.

France inatsata malamulo a Chiroma. Kuti munthu aphedwe pankafunika mboni ziwiri zoona ndi maso, apo ayi avomere ndi pakamwa pake. Mboni imodzi inali theka chabe la umboni, ndipo theka limenelo ndi limene linkalola woweruza kulamula kuti munthu azunzidwe. Kaundula wa bwalo la Châtelet ku Paris, wa zaka za 1389 mpaka 1392, amasonyeza ndondomeko yake. Ankamuvula, kumumanga manja ndi miyendo, kumukoka pa kabenchi kakang'ono, akakanabe pa chachikulu, uku akumuthira madzi. Akati ndinena, ankamumasula n'kupita naye kukhitchini kukaotha moto, kenako abwereze mawu ake pabwalo popanda chingwe. Vuto lake n'loonekeratu: akasintha mawu, ankatha kumubwezera pabenchi pomwepo. Ndi nkhanza, sindikukana.

Koma tamvani za ku England. Jury inkazenga mlandu wa munthu pokhapokha iye mwini atavomera kuti imuweruze. Nanga akangokhala duu? Lamulo la Westminster la 1275 linati wotereyo atsekeredwe m'ndende yowawa, ndipo pofika zaka za m'ma 1400 ndende yowawayo inali itasanduka miyala. Ankamugoneka chagada pansi m'chipinda chamdima, ali ndi kansalu kokha, manja ndi miyendo zitatambasulidwa ndi zingwe, n'kumusanjikiza zitsulo ndi miyala pachifuwa, zolemera mmene angapirire ndi kupitirira apo. Tsiku loyamba tizidutswa titatu ta buledi wa balere popanda madzi, lachiwiri madzi achithaphwi popanda buledi, kusinthanasinthana choncho mpaka alankhule kapena afe. Kodi kumeneku si kuzunza? Angerezi ankangokutchula dzina lina, peine forte et dure, kutanthauza chilango champhamvu ndi chowawa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chifukwa chimene anthu ankasankhira miyalayo. Wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu ankanyongedwa, ndipo malo ake ankalandidwa, ana n'kutsala padzuwa. Wofera pansi pa miyala ankafa asanagamulidwe, choncho munda unkatsalira banja. Ku France woweruza ankafuna kudziwa chimene chinachitika, ngakhale mwa njira yoipa. Ku England ankaphwanya nthiti za munthu kuti angonena kuti inde, ndizengeni. Ndipo akavomera, pa mlandu wakupha kapena wakuba sankaloledwa loya womulankhulira, kuba katundu woposa mapeni 12 kunali kokwanira kum'pezetsa chingwe, ndipo anthu 12 aja ankawatsekera popanda chakudya kapena moto mpaka agwirizane chimodzi.

Pamene England inachita bwino ndivomereza. Anthu a jury anali oyandikana naye woimbidwa mlanduyo, ankamudziwa, ndipo ambiri oganiziridwa kupha ankawamasula. Nkhani ya asilikali achipembedzo a Templar ndi umboni wina. Mfumu Philip IV itawagwira ku France pa 13 October 1307, anazunzidwa n'kuvomera milandu yosaneneka, ndipo 54 anawotchedwa ku Paris mu 1310. Ku England, kumene Mfumu Edward II inazengereza kulola kuwazunza, ovomera anali ochepa kwambiri. Apa France ilibe podzitetezera.

Komabe England inali ndi khalidwe lina lotayira zinyalala kwa mnansi. Wakupha akathawira m'tchalitchi ankatetezeka masiku 40, kenako ankaulula, kulumbira kuti achoka m'dziko, n'kuyenda ndi mtanda wamtengo m'manja mpaka kudoko ngati Dover. Ngalawa ikasowa ankalowa m'nyanja mpaka m'mawondo tsiku ndi tsiku kusonyeza kuti akuyesa. Ambiri ankakatsikira ku Wissant, m'dziko la France.

Miyala ija England inaithetsa mu 1772. France inathetsa kuzunza kofuna kuti munthu avomere mlandu mu 1780, patangopita zaka 8.