Akuti RV yanga yakalamba, ndigone kuthengo

Ndalusa ine, ndipo sindibisa. Dzulo usiku tafika pa paki ina yolipira yogonapo ndi ma RV, magalimoto aja okhala ngati nyumba yoyenda, kufupi ndi mzinda wa Albuquerque muno mu America, titayenda tsiku lonse mumsewu wa I-40 kuchokera ku Oklahoma City, makilomita oposa 850. Ana ali m'tulo kumbuyo, mayi a kunyumba mutu ukuwapweteka. Mtsikana wa pa ofesi sanasuzumire n'komwe panja. Funso lake limodzi lokha: "Ndi ya chaka chanji?" Ine ndati 2009. Akuti pepani bambo, pano sitilandira RV yopitirira zaka 10.

Ndalama ndili nazo m'manja, malo opanda munthu ndikuwaona ndi maso angawa, koma akundibweza chifukwa cha chaka cholembedwa papepala! Sananene kuti ikudontha mafuta. Sananene kuti ikutulutsa utsi kapena mawaya amagetsi ndi oopsa. Anakana chaka basi.

Ine ndimagwira ntchito ku Elkhart, Indiana, kumene ma RV ambiri a muno mu America amapangidwira, ndiye asandiphunzitse za galimoto zimenezi. RV yangayi, ya mtundu wa Jayco, denga ndimamata ndekha chaka ndi chaka, matayala ndasintha miyezi iwiri yapitayo, paipi ya kuchimbudzi sidontha ngakhale kadontho. Pafupi ndi geti pomwepo panali chigalimoto chonyezimira, chatsopano ndithu, wailesi ili pamwamba, galu akuuwa ngati waona fisi. Chimenecho ndiye cholandiridwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Eni mapakiwa akuti amaopa magalimoto akale amene amafera pomwepo eni ake n'kukana kuchoka. Chabwino, ndiye tulukani ndi tochi mudzaione yangayi! Mphindi ziwiri zokha. Mapaki ena amati tumizani chithunzi kaye, zimenezo ndimamva. Koma kukana osayang'ana ndi kundiuza kuti wosakwanitsa kugula yatsopano asayende, akhale kwawo. Lamulo limeneli silisankha galimoto ayi, limasankha thumba la munthu. Kungoti alibe mtima wolemba pageti kuti "osauka pitirirani", ndiye abisala kuseri kwa nambala 10.

Tinakagona pamalo a BLM, nthambi yoyang'anira malo a boma, m'chipululu, kumene amalola masiku 14 osalipira kanthu. Kulibe madzi, kulibe magetsi, mwana wamng'ono anadzuka kawiri kufunsa ngati kuli njoka. Koma palibe anandifunsa za chaka.

Ndipo pali chinanso. Paki ya ku Oklahoma imene inatilandira dzana inatipatsa chipepala cha malamulo masamba awiri, limodzi loti osayanika zovala panja. Mayi anapachika matawulo awiri a ana pachingwe, sipanathe theka la ola munthu wafika pa kangolo kake ka gofu kudzatiuza kuti tichotse, akuti zikuipitsa maonekedwe. Tikaumitse mu makina awo, olipira. Dzuwa lonseli lili phwee, laulere, ine ndizifunafuna makobidi oponya m'makina chifukwa cha matawulo awiri?