Kalembera wakale sakuwuzani dzina la agogo

Mwalemba bwino akulu, koma langizo lanu loti pofufuza mbiri ya makolo athu tiyambire pa kalembera, kuno ku Mchinji silingatipititse patali. Nthawi ya atsamunda, monga mu 1931 ndi 1945, anthu akuda ankangowerengedwa ngati chiwerengero. Mayina mulibe.

Za malo nazonso n'chimodzimodzi. Minda yathu yambiri ndi ya kwa amfumu, inalibe pepala, ndipo Achewafe timatsata kuchikazi: bambo anali mkamwini, munda n'kukhala wa mbumba. Mukasaka dzina la bambo lokha mudzangozungulira. Yambani mwafunsa agogo aakazi za mfunda wawo ndi mudzi umene anachokera, akadali moyo.

Mapepala othandizadi ndi a milandu ya m'makhoti a mafumu, amene anayamba mu 1933, chifukwa pa mlandu wa chuma kapena ukwati ankatchula abale. Onjezerani mabuku a ubatizo, monga a ku mishoni ya Akatolika ya Kachebere. Mukapita ku National Archives ku Zomba musaiwale kuti Mchinji inkalembedwa Fort Manning, ndipo alembi ankapotoza mayina momwe afunira.