Digiri ya Chingerezi isamathere pa kuloweza manotsi

Mwana akasankhidwa kukaphunzira za Chingerezi ku yunivesite, pakhomo anthu amalulutira mongokwaniritsa mwambo. Amalume amafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ukakamaliza uzidzagwira ntchito yanji, mphwanga?" Azakhali amayankhiratu kuti uphunzitsi basi, ngati kuti uphunzitsi ndi tsoka. Kunyoza kumeneku ine sindikuvomereza. Koma nawonso madipatimenti a Chingerezi ndili nawo mawu, chifukwa mbiri yathu yomwe ikuonetsa kuti chimene chinkawapatsa ulemu si mayeso ayi.

Taonani za ku Chancellor College. Mu 1970, koleji idakali ku Chichiri ku Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Kachitidwe kake kanali kosavuta. Munthu ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, ankaisindikiza pa sitensulo, aliyense n'kulandira pepala lake. Mlembiyo ankawerenga mokweza, kenako n'kukhala chete anzake akuisenda mzere ndi mzere. Mphunzitsi wamkulu akabweretsa ndakatulo yofooka, mwana wa chaka choyamba ankatha kumuuza kuti apa mwaphonya. Kunalibe malikisi, kunalibe satifiketi. Komatu m'gulu limeneli ndi mmene munadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Steve Chimombo, a Frank Chipasula, a Anthony Nazombe ndi a Ken Lipenga.

Ndipo inali nthawi yoti mawu ankamangitsa. Lamulo lounika zolembedwa la 1968 linali likugwira ntchito, makutu a boma anali paliponse, choncho alembiwa anaphunzira kuphiphiritsa. Anatembenukira ku nthano ndi miyambi ya makolo: bilimankhwe, thanthwe la Kaphirintiwa, Mbona wa ku Khulubvi, Napolo amene amati akamatsika phiri la Zomba amakokolola midzi. Ankalemba m'Chingerezi, koma ufa wake unali wa kumudzi. Ngakhale zinali choncho, ena sanapulumuke. A Felix Mnthali anatsekeredwa mu 1976. A Mapanje anawagwira mu September 1987 n'kuwasunga kundende ya Mikuyu popanda mlandu mpaka May 1991. Boma silitsekera munthu amene maphunziro ake ndi opanda ntchito, amalume.

Panalinso Travelling Theatre ya pakoleji pomwepo, gulu la zisudzo loyendayenda. Poyamba inkazungulira m'masukulu ndi masewero a m'Chingerezi, koma m'zaka za m'ma 1980, a David Kerr ndi a Chris Kamlongera ali momwemo, inayamba kulowa m'midzi ndi masewero a m'Chichewa okamba za umoyo ndi chitukuko, anthu oonera akuyankha ndi kutsutsa pabwalo pomwepo. Wophunzira amene waimapo pamaso pa agogo n'kuona kuti nthabwala yake sinaseketse aliyense, waphunzira kanthu kamene sangakapeze m'buku lililonse la kaunikidwe ka zolembedwa.

Tsono lero ndimakumana ndi achinyamata ovala gawuni, ochokera m'mayunivesite osiyanasiyana, amene akhoza kukutchulirani maganizo a akatswiri a ku Ulaya mwadongosolo, koma muwapatse lipoti la masamba 10 kuti alifupikitse likhale tsamba limodzi, thukuta kamukamu. Kalata yofunsira ntchito amachita kukopera pa intaneti, masiku ano amangouza makina awalembere. Sindikuwanyoza anawa. Kwa zaka 4 ankalemba nkhani zoti awerenge munthu mmodzi yekha, naye ali ndi mulu wa mapepala oti achonge usiku umodzi. Pepala limabwerera ndi nambala yofiira pamwamba, mwina ndi mawu awiri m'mbali, nkhani yatha. Palibe amene anawauza kuti kalembenso, ndipo ukabwere nayo kachitatu.

Ine ndikanakhala ndi mphamvu, phunziro lolemba ndi kukonza zolembedwa pagulu likanakhala lokakamiza kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, ndipo munthu sakanavala gawuni asanatulutse kanthu kamene anthu akunja kwa mpanda wa koleji awerenga, amvera kapena aonera. Kaya ndi nkhani m'nyuzipepala, sewero la pawailesi, kabuku ka ana, zilibe kanthu. Chaka chachitatu azikakhala miyezi ingapo kunyumba zosindikiza mabuku, kumawailesi a m'madera, kumakhoti kumene omasulira amavutika tsiku ndi tsiku pakati pa woweruza ndi mayi wa kumudzi amene tsogolo lake likudalira chiganizo chimodzi.

Ndiponso khoma limene lili pakati pa Chingerezi ndi zilankhulo zathu ligwe. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wa digiri ya chilankhulo alephere kulemba uthenga wa kolera m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao choti mayi wogulitsa tomato amve kamodzi. Mabungwe amalipira ndalama zabwino pa ntchito imeneyi, ndipo ambiri mwa mapepala amene timawaona m'zipatala amachita kuonekeratu kuti anamasuliridwa mothamanga ndi munthu amene anangopezeka pafupi.

Wina anena kuti ndalama palibe, makalasi adzaza, mphunzitsi mmodzi ana mazana. N'zoona, ndipo za malipiro a aphunzitsi ndi nkhani ina yaitali. Koma a zaudokotala amafuna labu, a zauinjiniya amafuna makina. A Writers Group ankangofuna chipinda chimodzi madzulo ndi mapepala, kunja kuli apolisi achinsinsi. Lero mapepalawo akhoza kuyenda pa WhatsApp, ndipo ophunzira a chaka chomaliza akhoza kutsogolera timagulu ta anthu 15 popanda kudikira kalata yochokera ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti.