Udzudzuwu mukuweta nokha, musanamizire akhonsolo

Tamverani kuno, inu okhala m'mizinda. Kwatentha, ndipo madandaulo ayamba kale: ati udzudzu wachuluka, ati akhonsolo sakupopera mankhwala. Koma ndikufunseni, kuseri kwa nyumba yanu kuli chiyani? Tayala lakutha ladzaza madzi, zitini zili mbwee, mgolo uli kukamwa yasa, ngalande mwaitseka ndi zinyalala zanu zomwe. Ndiye mumati udzudzu ukaswanire kuti?

Kukatentha chonchi, kuchokera pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamangopita masiku 7 mpaka 10, ndipo timadzi ta m'kachitsekerero ka botolo tikhoza kukwanira. Wa mtundu wa Aedes aegypti, wa mizere yoyera m'miyendo uja, umene umafalitsa matenda a dengue, chikungunya ndi Zika, umaikira mazira m'mbali mwa chidebe, pamwamba pang'ono pa madzi. Mazirawo amatha miyezi ali gwa osafa. Inu mumangokhuthula madzi n'kumati ndathana nazo. Madzi akabwereramo, mphutsi zayamba kale kuphiriphitha. Kwechani m'mbalimo! Udzudzu umenewu suulukanso patali, ndipo umaluma masana, neti yanu ili chipindire. Ukakulumani, mwauweta ndinu kapena aneba anu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya misampha. Azaumoyo amatchera misampha m'mapaki, m'mphepete mwa ngalande ndi m'makomo mwa anthu. Ina imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwe timatulutsa popuma, kuti udzudzu waukazi (paja woluma ndi waukazi wokha) uyese pali munthu. Ina amaikamo madzi onunkha okopa umene ukufuna poikira mazira. Akatero amakatenga udzudzu wakodwawo, kuuwerenga, kuusiyanitsa mitundu, n'kukauyeza ku labotale ngati uli ndi kachilombo. Zimenezi ndi zomwe zimawauza dera loyenera kuthamangirako matenda asanagwire anthu. Ndiye wina, munthu wamkulu ndi ndevu zake, amakagubuduza msamphawo, kapena kuzula batire n'kupita nalo kwawo. Manyazi mulibe kodi? Oyendera m'makomo akagogoda, mumakhoma geti n'kumasula galu, ngati abwera kudzakulandani katundu.

Musayese kuti m'tauni simufika zoterezi. Mu 1999, kachilombo ka West Nile kanatulukira ku New York, ndipo akhwangwala ankangogwa n'kufa m'dera lomwelo pamene anthu ankadwala. Umene umakafalitsa ndi udzudzu wa Culex, wokonda madzi oipa a m'ngalande. M'dziko la Djibouti malungo anali atatsala pang'ono kutheratu, koma mu 2012 kunapezeka Anopheles stephensi, udzudzu woswana m'mathanki ndi m'migolo ya m'mizinda, ndipo m'zaka zochepa odwala anachulukanso koopsa. Kopanda anthu otchera ndi kuwerenga, mlendo wotereyu mungamudziwe bwanji kuti wafika?

Za galimoto yopopera utsi imene mumaiimbira m'manja ija, musaidalire kwambiri. Utsiwo umapha udzudzu umene ukuuluka nthawi yomweyo basi. Mazira ndi mphutsi zili phee m'tayala lanu. Kupopera mwachisawawa kumachititsanso kuti udzudzu upime mankhwala, asiye kuupha. N'chifukwa chake akatswiri amayamba ndi mphutsi: amathira tibakiteriya totchedwa Bti m'madzi osatheka kuwataya. Koma sangalowe pakhomo lililonse sabata iliyonse. Imeneyo ndi ntchito yanu.

Kamodzi pa sabata zungulirani pabwalo. Vundikirani migolo ndi mathanki, zondotsani zidebe, boolani matayala kapena muwaike pansi pa denga, chotsani masamba m'mipaipi ya madzi a padenga, ndipo musaiwale timbale ta pansi pa maluwa ndi pomwera galu. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala akayezedwe tsiku lomwelo. Musamangomumwetsa aspirin kapena ibuprofen mongoganizira, chifukwa ngati ili dengue, mankhwala amenewa akhoza kumuchititsa kutaya magazi.