Pa nkhani ya masana, Belgium ikuposa Netherlands

Aliyense amene anakhalapo ku Antwerp, m'dziko la Belgium, kenako n'kusamukira ku Breda, ku Netherlands, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima, amadziwa kuti Chidatchi cha mbali ziwirizi chimagwirizana m'mabuku koma chimasemphana pa wotchi. Mayiko awiriwa anakhazikitsa bungwe la Taalunie mu 1980 kuti kalembedwe ka chinenero chawo kazikhala kamodzi, koma mpaka lero sanamvane kuti middag, kutanthauza masana, imatha nthawi yanji.

Ku Flanders, chigawo cha Belgium cholankhula Chidatchi, tsiku analidula bwino: voormiddag ndi m'mawa mpaka 12 koloko, middag ndi nthawi ya nkhomaliro dzuwa lili paliwombo, ndipo namiddag imayamba anthu akatha kudya. Ku Netherlands, middag yokhayo imameza maola onse kuyambira 12 koloko mpaka 6 koloko madzulo. Sabata yatha munthu wokonza mipope wa ku Netherlands anandilonjeza kuti abwera vanmiddag, kutanthauza masana a tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala pawindo kuyambira 12 koloko, ndowa ili pansi pa sinki ikudzaza. Iye anagogoda cha m'ma 5 koloko, nkhope ili gwa, n'kunena kuti wasunga nthawi. Chopweteka n'chakuti malinga ndi Chidatchi cha kwawo sananame. Choipa kwambiri, Adatchi ena akamva voormiddag amaganiza za maola oyambirira 12 koloko itadutsa, moti mlendo amene M'belgium akumudikira 10 koloko m'mawa akhoza kufika mbale zikutsukidwa.

Ndivomereze kuti Mdatchi akatchula ola lenileni n'kulilemba m'kabuku kake, amafika pa mphindi yomweyo, pamene ku Belgium ungapeze sitolo kapena ofesi yatsekedwa chifukwa cha middag yomwe ndikuyitamayi. Komabe ine ndili kumbali ya Abelgium, chifukwa ndikuona kuti gwero lake ndi chakudya. Anthu amene masana amangoluma buledi woika tchizi n'kumwera mkaka, maso ali pakompyuta, alibe chifukwa chopatsira nthawiyo dzina lakelake, pamene ku Flanders mabanja ambiri anazolowera chakudya chotentha, supu ndi mbatatesi, chofuna kuchikhalira pansi.

Abale athu a ku South Africa amene amamva Chiafrikaans asavutike akafika ku Antwerp kapena ku Gent, chifukwa vm. ndi nm. zimene amaziona zitalembedwa pambali pa maola ndi voormiddag ndi namiddag zomwezi. Koma akawolokera ku Breda, wokonza mipope asamulole kudula foni asanatchule ola.