Njanji yathu inayang'ana kunyanja yamchere, ndipo siinatembenuke

Loweruka lapitali ndinatenga mwana wa achemwali anga kupita naye ku myuziyamu ya ku Chichiri. Zamkati sanazilabadire kwenikweni. Maso ake anakanirira pa kamutu kakale ka sitima kaja, kotchedwa Shamrock. Anakazungulira kawiri, n'kugwada kusuzumira kunsi, kenaka akuti, "Amalume, nanga mafuta amathira pati?"

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti iyi sinkamwa dizilo ayi, inkadya moto ndi madzi. Munthu mmodzi ntchito yake inali kuponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, thukuta kamukamu. Motowo unkawiritsa madzi, nthunzi n'kudzaza mpaka kusowa kolowera, ndiye inkakankha chitsulo chimene chinalumikizidwa ku mawilo. Ndinamuyerekezera ndi chivundikiro cha poto chimene chimavina nyemba zikamabwata. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire kuti nthunzi ingakoke mabogi.

Pobwerera mu minibasi ndi pamene zinandibwerera zimene ndakhala ndikufuna kunena. Ife tikamakamba za sitima zakalezi timakamba mwa chifundo, ngati munthu akukumbukira agogo ake. Inenso kulira kwa sitima kumandikomera. Koma tifunseko kuti njanjiyo anaimangira ndani.

Isanabwere, katundu ankakwera mtsinje wa Shire pa sitima zapamadzi, ndipo kuchokera kudooko kukafika ku Blantyre ankakwera mapiri pamitu ndi pamapewa a amtengatenga. Ambiri ankasenza kuti apeze ya msonkho wa nyumba. Madzi a mu Shire atayamba kuphwa, sitima zija zinkatitimira mumchenga, ndipo azungu a minda anaona kuti malonda awo afa. Ndi chifukwa chake njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Kenaka anaiwonjezera mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Kutsidya, ina yochokera ku Beira inafika mu 1922, koma pakati panatsala mtsinje, katundu n'kumawoloka pa boti. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Ngongole ya ntchito zimenezi inalemera pa Nyasaland kwa zaka zambiri, dziko limene sukulu ndi zipatala linkadalira amishoni.

Tayang'anani mapu. Chitsulo chonsecho chinkathamangira ku Beira ndi fodya, tiyi ndi thonje. Munthu wakuda ankakwera, inde, koma m'bogi yakumbuyo, pa benchi yathabwa. Agogo anga ankanena kuti ukakhala pawindo unkatsika malaya atathothoka timabowo ta moto, m'maso muli phulusa. Ankazinena akuseka, komabe.

Ena munena kuti zimenezo n'za atsamunda, zinapita. Chabwino. Titalandira ufulu tinamangadi: ya ku Nkaya kukafika ku Nayuchi mu 1970, yotsegula njira ya ku Nacala, kenaka ya ku Salima kukafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la Canada, n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Zimenezo sindikana. Koma mpaka lero munthu wa ku Mzuzu, ku Rumphi kapena ku Karonga sanamvepo sitima ikulira kwawo. Kasungu, ndi fodya yense uja, palibe. Ndipo ya kumwera ija, imene inayamba zonsezi, nkhondo ya ku Mozambique inaidula, madzi osefukira n'kudzamaliza pa Chiromo mu 1997. Anthu a ku Lower Shire amene makolo awo anali oyamba kuona sitima anakhala zaka akuyang'ana udzu ukumera pakati pa zitsulo.

Chimene chimandiseketsa, kuseka kopweteka, ndi ichi: njanji yatsopano kwambiri m'dziko muno ndi imene imanyamula malasha a ku Moatize kudutsa kwathu kupita ku Nacala. Imani pa Liwonde muwerenge mabogi, mutopa nokha. Malasha amene kale ankayendetsa sitima lero ndi amene akwera, dizilo akukoka, ife tili m'mbali kukweza manja.

Shamrock asungidwe, apakidwe penti, pamodzi ndi mnzake Thistle ali pa siteshoni ya Limbe uja. Ana aziwaona. Koma ine ndikanakonda kuti powaonetsa tiziwauzanso za amene anakumba mapiri ndi makasu ndi kusenza zitsulozo, popeza mayina a mitu ya sitima tikuwadziwa koma a anthuwo ayi.

Mwana uja titatsika pa Limbe anandikoka dzanja. "Amalume, ndiye tikwera liti yeniyeniyo?" Ndamulonjeza ya ku Balaka, sukulu akatsekera.