Masensa aang'ono sakutha msanga

Nkhani yanu ikuti makamera a mirrorless (opanda kalilole mkati) amene akubwerawa adzathetsa masensa aang'ono (sensa ndi kachipangizo ka m'kamera kolandira kuwala n'kupanga chithunzi), koma ine sindikugwirizana nazo. Chiyambire 2018, pamene Canon ndi Nikon analowa mpikisano wa makamera a mirrorless a sensa yaikulu (full-frame) umene Sony inaukoleza ndi kamera yake ya A7 mu 2013, anthu akhala akulosera zomwezi, komabe Fujifilm ikupangabe makamera a APS-C, ndipo Panasonic sinasiye Micro Four Thirds; yonseyi ndi mitundu ya masensa aang'ono.

N'zoona kuti sensa yaikulu imajambula bwino pamalo a mdima, monga m'tchalitchi pa ukwati. Koma wojambula wa kuno ku Dedza, amene amakwera mapiri a Chongoni kamera ili m'khosi, amaganiziranso kulemera kwa malenzi a makamera a sensa yaikulu, komanso makamaka mtengo wake, poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023.